CITSEKO CAKALE NDI THABWA LA M'SITOLO

Pa mudzi wina wa ku Zemba, m'boma la Chadiza, pali mai wacikulire amene anthu analeka kale kumuchula dzina lake lenileni. Ana ndi akulu omwe amangoti "Ambuya a Makina," popeza phokoso loyamba kumveka pakhonde pao, nkhuku zitangotsika, ndi la makina osokera opalasa ndi mapazi. Nkhani ino ndi ya amai amenewa ndi matabwa awiri amene anawasowetsa tulo. Thabwa lina linagulidwa m'sitolo ku Lusaka, lina linapangidwa pamudzi pomwepo. Awerengi ena anganene kuti thabwa lositirapo ndi kanthu kocepa kosayenera kulembedwa m'nyuzi. Koma kwa munthu amene nsima yake imacokera ku singano, kusankha thabwa molakwa kungathe kugonetsa banja ndi njala, ndipo kwa Ambuyawa kunatsala pang'ono kuwadanitsa ndi mpongozi wao.

Kumene anayambira

Ambuya anaphunzira kusoka atangokwatiwa kumene, m'kalabu ya amai ya masiku aja pamene alangizi a citukuko anali kuyenda m'midzi panjinga, kuphunzitsa kusoka, kuluka ndi kuphika. Makina ao a Singer anawagulira ndi amuna ao, amene tsopano ndi malemu, atagulitsa thonje ndi nshawa. Pa nthawi imeneyo nsalu zambiri zinali kucokera m'mafakitale a dziko lino, monga Kafue Textiles ndi Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Munthu akafuna diresi kapena kabudula anali kugula nsalu napita nayo kwa telala.

Zinthu zinasintha kuyambira caka ca 1991 pamene malonda anamasulidwa. Zobvala za salaula zinasefukira m'misika, mafakitale a nsalu anayamba kufooka, ndipo ya ku Kabwe inaimitsa nchito m'caka ca 2007. Atelala ambiri a m'midzi anaphimba makina ao nabwerera kukhasu. Ambuya sanaphimbe ao. Anakhalira kucepetsa ndi kukuza zobvala za salaula, kusoka mayunifomu a ana a sukulu, ndi kudula zitenje za amai a m'mipingo.

Pa zaka zonsezi anali ndi cizolowezi cimodzi: sanali kutaya kansalu kotsala. Kalikonse kogwa pansi pa sizasi kanali kulowa m'thumba, mpaka matumba atatu anadzaza kuseri kwa citseko. Kucokera m'matumba amenewa munabadwa nchito yatsopano ya zofunda za zigamba. Tizidutswa ta zitenje zosiyana-siyana timadulidwa mofanana, tina ta ngodya zinai, tina ta ngodya zitatu, ndi kulumikizidwa m'mizere. Mizereyo ikalumikizidwa ipanga nsalu yaikulu ya pamwamba. Pakati pamaikidwa bulangeti lopepuka, pansi nsalu ina yamphumphu, ndipo zitatuzi zimasokedwa pamodzi. M'miyezi ya Juni ndi Julai, pamene mphepo ya ku Chadiza imalowa mpaka m'mafupa, cofunda cotere sicisowa wocifuna.

Theka la nchito liri pa nsimbi

Munthu wosadziwa amayesa kuti nchito yonse ya cofunda iri pa makina. Osoka amadziwa kuti theka lake liri pa nsimbi. Tizidutswa tiwiri tikalumikizidwa, msoko wake uyenera kugonekedwa ndi nsimbi yotentha kacitatu kasanaonjezedwe. Msoko uliwonse umadya nsalu yokwana mamilimita 6 mbali iriyonse, ndipo ukapanda kugona bwino umabisanso kansalu kena m'kapindo kake. Pa mzere wa tizidutswa 20, msoko uliwonse ukabisa mamilimita 2 cabe, mzerewo umafupika ndi masentimita pafupi-fupi 4. Mzere wotsatira ukabisa mocepa kapena moposa, ngodya sizikumana, ndipo cofunda cimatuluka cokhota.

Kasitidwe kake nakonso ndi kosiyana ndi ka malaya. Posita malaya, nsimbi imayendetsedwa uku ndi uku kuti makwinya acoke. Pa zigamba nsimbi imaikidwa pamsoko, kukanikizidwa, kunyamulidwa, ndi kuikidwanso patsogolo. Kuikhwekhwereza kumatamula nsalu, makamaka tizidutswa ta ngodya zitatu timene timadulidwa mopingasa ulusi. Cifukwa ca ici, pansi pa nsimbi pamafunika malo olimba, osalala ndi osagwedezeka.

Kwa zaka zambiri malo otere kwa Ambuya anali pansi. Anali kuyala mphasa pakhonde lozira bwino, pamwamba pake bulangeti lopinda pawiri, nagwada ndi nsimbi yao ya makala. Misoko inali kugona bwino, pakuti dothi siligwedezeka. Koma maondo ndi msana zinali kulipira. Pofika madzulo anali kudzuka mogwirira mzati wa khonde, ndipo usiku mdzukulu wao anali kuwathowa msana ndi madzi ofunda.

Mphatso yocokera ku Lusaka

Amene anaona bvuto limeneli ndi mpongozi wao, mkazi wa mwana wao wamwamuna amene amagwira nchito ku Lusaka. Atabwera kudzaceza, anaona apongozi ake akukwawa ndi nsimbi pamphasa, ndipo cinamuwawa mumtima. Sananene kanthu. Koma pa ulendo wotsatira anatsika basi ku Chipata atanyamula cinthu cacitali cokulungidwa m'pepala, nayenda naco makilomita opitirira 70 kufika ku Chadiza, ndi kupitiriranso mpaka ku Zemba. Linali thabwa lositirapo la m'sitolo, la miyendo yacitsulo yopinda, lokhala ndi siponji pamwamba ndi nsalu yamaluwa, losongoka mbali imodzi ngati bwato.

"Amai, kugwada kwakwana. Tsopano muzisita ciriri monga anzanu a m'tauni," anatero mpongoziyo atagwada.

Ambuya anaomba m'manja katatu nalandira. Tsiku limenelo amai a m'mudzi anabwera kudzaona mmene thabwalo limakwerera ndi kutsika munthu akangokanikiza kacitsulo ka pansi pake. Ena anati Ambuya anabala mwana, koma Mulungu anawaonjezera wina.

Thabwa lotere liri ndi mbiri yake. M'caka ca 1892 mai wina wakuda wa ku New Haven m'dziko la America, dzina lake Sarah Boone, amene nayenso anali wosoka madiresi, analandira cikalata ca boma comuzindikira kuti wakonza thabwa lositira la mtundu watsopano. Lake linali lopapatiza ndi lokhota, lolinganizidwa kuti mikono ya zobvala za amai izilowa ndi kusitidwa mbali zonse. Matabwa a m'sitolo a masiku ano amatsata nzeru yonga yomweyo: ndi opapatiza ndi osongoka kuti malaya, siketi kapena buluku zibvekedwe kumapeto kwake. Anapangidwira zobvala zimene thupi la munthu limalowamo. Cofunda ca pabedi ndi cinthu cina, koma pa tsiku la cikondwerero lija panalibe amene anaganizako.

Caka ca cilala

M'caka ca 2024 mvula inadula cimanga cisanakhwime. Pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Ku munda wa Ambuya mapesi anaima ouma, ndipo cimene cinalowa m'nkhokwe sicikanafikitsa banja ngakhale ku mwezi wa Ogasiti. Pakhomopo panali pakamwa pasanu: iwo eni, mwana wao wamkazi, ndi adzukulu atatu, wamng'ono ali wokwawa.

Ndi pa nthawi imeneyi pamene mkazi wa mphunzitsi wina wa m'deralo anabwera kudzapempha cofunda cacikulu, cokwana bedi la anthu awiri, coti akapatse mwana wake pa cikwati. Anabweretsa zitenje zatsopano zisanu ndi cimodzi kuti zidulidwe, napereka theka la ndalama, nalonjeza zotsala cofunda cikatha. Ambuya atawerenga, anaona kuti ndalamazo zikanagula unga wa miyezi iwiri. Cikwati cinali patsogolo ndi masabata asanu.

Anayamba nchito mokondwa, ali ciriri pa thabwa latsopano, msana uli phee. Masabata awiri anapita akudula, kusoka ndi kusita. Koma tsiku loyala mizere yonse pamphasa kuti ailumikize, mtima wao unagwa. Mzere woyamba ndi waciwiri zinasiyana ndi zala zitatu. Ngodya zimene zinayenera kukumana ngati mphambano zinali kuphonyana. Pakati pa nsalu panatukumuka ngati pali mbale pansi. Anayesa kukoka, anayesa kuwaza madzi, koma kukhotako kunangosamukira mbali ina.

Madzulo a tsiku lomwelo panacitika cina cimene cinawaumitsa m'kamwa. Ali kukanikiza msoko, mwendo umodzi wa thabwa unaterereka pa dothi losalingana. Thabwa linapendekeka, nsimbi inatsetsereka, ndipo timakala tamoto tinagwa pafupi ndi mdzukulu amene anali kukwawira kumapazi ao. Anaigwira nsimbiyo isanagwe, napsa cala cimodzi. Mwanayo sanapse, koma Ambuya anakhala pansi nthawi yaitali osalankhula.

Kufunafuna cifukwa

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Poyamba anadzida okha, nati kapena maso ayamba kufooka ndi ukalamba. M'mawa anatenga tepi napima tizidutswa totsala tosasokedwa, napeza kuti tonse tinali tofanana. Anapima misoko, nayonso inali yolingana. Pamenepo anasoka tizidutswa tinai, tiwiri nasita pa thabwa la m'sitolo, tiwiri pansi pamphasa monga kale. Atatiika pamodzi, yankho linaoneka ndi maso.

Zifukwa zinali zitatu. Coyamba cinali siponji. Nsimbi ikakanikiza, msoko unali kumira m'siponji m'malo mogona, ndipo nsimbi ikacoka unali kudzukanso. Caciwiri cinali kucepa kwa thabwa. M'lifupi mwake silinali kufika masentimita 40, pamene citenje cokha cimapitirira mita imodzi. Mzere wautali unali kulendewera mbali zonse, ndipo kulemera kwake kunali kukoka nsalu ikali yotentha ndi yonyowa, nthawi imene nsalu imatamuka msanga. Cacitatu cinawacititsa manyazi, pakuti cinali ca dzanja lao. Poona kuti thabwa limagwedezeka akakanikiza, dzanja linazolowera lokha kukhwekhwereza nsimbi mopepuka, cinthu cimene iwo eni akhala akuletsa atsikana onse amene anawaphunzitsa.

Apa ndi pamene panali bvuto lenileni. Kubwerera pamphasa kunali kosabvuta, koma msana sukanapirira masabata atatu a nchito yothamanga. Ndiponso thabwalo linali mphatso ya mpongozi, yobwera nayo pamutu ndi pabasi kucokera kutali. Pa Cicewa, ubale wa munthu ndi mpongozi wake uli ngati dzira. Amai a m'mudzi amene anabwera kudzaona thabwa tsiku lija akanaonanso litapindidwa kuseri kwa nyumba, ndipo mau akanafika ku Lusaka Ambuya asanatsegule pakamwa. Anadzifunsa kuti, kodi ndisunge ulemu wa mwana wa eni ndi kuononga zitenje za eni, kapena ndipulumutse unga ndi kumuswa mtima? Anakumbukira kuti akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere, koma anaona kuti mwambiwo sunali kuyenera apa. Thabwalo linalibe nyerere. Linali labwino pa nchito yake, ndipo iwo ndi amene analipatsa nchito ya mwini wina.

Kwa mmisiri wa matabwa

Kuseri kwa nkhokwe kunali citseko ca nyumba yao yoyamba, imene inagwa zaka zapitazo. Cinali ca mlombwa, cokhomedwa ndi malemu amuna ao, cotalika pafupi-fupi mamita awiri, m'lifupi masentimita 80. Mlombwa ukauma bwino supindika wamba, ndiye cifukwa cake amisiri amaukonda pa zitseko ndi mipando. Ambuya anaitana mwana wa mlongo wao, amene ndi kalipentala pa msika wa pafupi.

"Azakhali, citseko ici ndi dzanja la malemu. Mufunadi kuti ndicipale?" anafunsa mnyamatayo.

"Cipale, mwana wanga. Mwini wake anacipanga kuti cizisunga banja. Kuno kuseri cikusunga akangaude," anayankha Ambuya.

Nchito inatenga masiku awiri, ndipo ndi bwino kuifotokoza mwatsatane-tsatane kuti ena atengepo nzeru. Mmisiriyo anacotsa zitsulo zonse, nathina matabwa kuti pasakhale mpata, napala mbali yosalala mpaka madzi othiridwa pamenepo osathamangira mbali imodzi. Sanapake utoto kapena vanishi, pakuti zimenezi zimafewa ndi moto ndi kumatirira kunsalu. Anacenjezanso kuti thabwa la paini losauma bwino siliyenera, cifukwa likatentha limatulutsa utomoni. Popeza mlombwa ndi mtengo wofiira, anayamba ayesa ndi kansalu koyera konyowa, kukasita pamwamba pake kuti aone ngati mtundu ungalowerere.

Pamwamba pa thabwa anayala bulangeti limodzi lokha, losapinda. Ambuya anasankha lakale laubweya weni-weni, ndipo analizindikira mwa kuotcha kaulusi kake. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera nusanduka phulusa lofumbutuka, pamene ulusi wa pulasitiki umasungunuka nuuma ngati kamkanda. Bulangeti laubweya limasunga kutentha ndi kukubwezera kunsalu, motero msoko umakhala ngati wasitidwa mbali zonse ziwiri. Matumba a fataleza anawakana, pakuti amasungunuka pansi pa nsimbi. Pamwamba peni-peni anakuta ndi bafuta wa thonje, wocapidwa kale kuti asafupike pambuyo pake. Citenje camaluwa anacikana poopa kuti mtundu wake ungasuluke ndi nthunzi. Bafutayo anamukoka zolimba nakhomera timisomali kunsi kwa thabwa, kuti pamwamba pasakhale citsulo cokanda nsimbi. Ndi pensulo ndi sikweya ya mmisiri anajambulapo mizere yoongoka, yoti Ambuya aziyeserapo ngodya za tizidutswa tao.

Panatsala funso la msinkhu. Mmisiri anafunsa kuti miyendo ikhale yotalika bwanji. Ambuya sanayankhe ndi pakamwa. Analowa m'nyumba natulutsa thabwa la m'sitolo, naliimika pa msinkhu umene msana wao unauzolowera m'masabata awiri aja, pansi pang'ono pa ciuno. "Pima apa," anatero. Miyendo inai yamphamvu inadulidwa molingana ndi muyeso umenewo, yomangidwa ndi mitanda, ndipo pansi pa khonde anasalaza ndi kuikapo njerwa kuti pasakhale kugwedezeka. Kumapeto kwa thabwa anaikapo mwala waphanthi wokhazikapo nsimbi, kutali ndi m'mphepete kumene dzanja la mwana lingafike.

Masabata atatu

Kumasula misoko ndi nchito yowawa kuposa kusoka. Ambuya ndi mdzukulu wao wamkulu, mtsikana wa Giredi 9, anakhala masiku anai akudula ulusi ndi kalumo, kamodzi-kamodzi, kuopa kuboola zitenje za eni. Tizidutswa tina ta ngodya zitatu tinali titatamuka kosabwezeka, ndipo anadula tina kucokera ku nsalu yotsala, imene inangokwanira ndendende.

"Ambuya, bwanji osangokoka ndi kusoka? Mwini wake sadzaona," anatero mtsikanayo tsiku lacitatu, zala zitatupa.

"Adzaona akacapa koyamba. Ndipo asanaone iye, ndaona kale ine," anayankha Ambuya.

Pa thabwa latsopano mzere wonse unali kugona osalendewera. Nsimbi ya makala, imene ndi yolemera, inali kukhala pamsoko ndi mphamvu yake yonse. Akanyamula nsimbi, Ambuya anali kusanjika kathabwa kouma pamsoko wotenthawo kwa kanthawi, kuti kamwe cinyezi ndi kuumitsa msoko uli cigonere. Nsimbi ya makala iribe kapimidwe ka moto monga ya magetsi, motero anali kuyamba ayesa pa kansalu kotaya. Pa zobvala zogula pamakhala cizindikiro ca nsimbi cokhala ndi timadontho: kamodzi ndi moto wocepa wa madigiri pafupi-fupi 110, tiwiri ndi 150, titatu ndi 200. Thonje limapirira timadontho titatu, koma zitenje zina za masiku ano ndi zosakaniza ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo zimakwinyika ndi kunyezimira moto ukacuruka. Citenje cimodzi mwa zisanu ndi cimodzi zija cinali cotere, ndipo Ambuya anali kucisita nsimbi itazizirako, ataphimba ndi kansalu konyowa.

Cofunda cinatha kutatsala masiku atatu kuti cikwati cicitike. Anaciyala pa cingwe pakati pa mitengo iwiri ya mango. Ngodya zonse zinakumana, ndipo m'mbali munali moongoka ngati mwayesedwa ndi cingwe ca womanga nyumba. Mkazi wa mphunzitsi anapereka ndalama zotsala, ndipo tsiku lotsatira matumba awiri a unga analowa m'nyumba pa ngolo ya ng'ombe.

Thabwa la m'sitolo silinapindidwe

Wina angaganize kuti mphatso ya mpongozi inaponyedwa kudenga. Sizinatero. Kuyambira m'caka ca 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12, ana olowa sukulu anacuruka, ndipo mayunifomu osokedwa pakhonde la Ambuya anacurukanso. Malaya a yunifomu ali ndi mapewa, kolala ndi mikono, ndipo diresi liri ndi mapindo. Zonsezi zimabvuta pa thabwa lalikulu, koma pa thabwa losongoka zimabvekedwa ndi kuzunguzidwa mosabvuta. Mmisiri uja analikhomera poimira pa matabwa awiri olingana kuti miyendo isaterereke, ndipo Ambuya anaika lamulo lakuti nsimbi isakhazikidwe pa ilo, koma ibwerere pamwala nthawi zonse.

Zobvala za ana nazonso zimasitidwa pamenepo. Kumudzi kusita si kudzionetsera cabe. Pali nchenche imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zobvala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu ndi kutupitsa ngati cithupsa. Nsimbi yotentha imapha mazirawo. Motero matewera ndi malaya a mdzukulu wokwawa uja amadutsa pa thabwa la ku Lusaka sabata iriyonse.

Tsiku lokumana

Cimene Ambuya anali kuopa cinafika kumapeto kwa Ogasiti. Pa nthawi imeneyo Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mwana wao ndi mkazi wake anabwera ku mwambowo, napatukira ku Zemba kudzagona masiku awiri.

Mpongozi atalowa pakhonde anaona citseko cokutidwa ndi bafuta ciri pakati, ndi thabwa lake liri pambali. Anakhala pamphasa, napereka moni, koma maso ake anali kubwerera-bwerera pomwepo. Ambuya anadikira mpaka amuna atacoka kupita kukaona ng'ombe.

"Apongozi, ndiri ndi mlandu kwa inu," anayamba motero.

"Iai Amai, ngati thabwa lija silinakukomereni, ndine ndinalakwa kugula cosafunsa."

Ambuya sanatsutse ndi mau. Anakoleza makala m'nsimbi, napatsa mpongoziyo tizidutswa tinai tosokedwa, namuuza kuti asite tiwiri apa ndi tiwiri apo. Maiyo anasita, natiika pamodzi, nayang'ana nthawi yaitali. Kenaka Ambuya anamupatsa malaya a yunifomu kuti ayesenso pa matabwa onse awiri. Pa citseko mkono wa malaya unapindika pawiri nusiya mzere pakati. Pa thabwa losongoka phewa linagona bwino. Mpongoziyo anaseka, manyazi atacoka.

"Tsopano imani apa," anatero Ambuya, namuimika pakati pa matabwa awiriwo. "Ikani dzanja ili apa, ili apo. Mwaona? Msinkhu ndi umodzi. Zaka zonsezi citseko ici cinali kuseri kwa nkhokwe, ine ndiri kukwawa pansi, ndipo sindinaganizepo zoimirira. Amene anandiimiritsa ndinu. Mmisiri anangotengera muyeso wanu."

Mpongoziyo anagwada naomba m'manja, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Phunziro kwa makalabu

Nkhani ya Ambuya a Makina iri ndi phindu kwa ena. M'caka ca 2022 Boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina la ndalamazi limapita ku makalabu a amai ndi acinyamata ndi ku maphunziro a nchito za manja, kusoka kuli pomwepo. Kalabu ikalandira thandizo, mtima umathamangira ku sitolo, pakuti cogula cimaoneka ngati cizindikiro ca citukuko. Enanso amanyoza ciriconse ca m'sitolo nati ca makolo ndiye cabwino. Onse awiri amayamba ndi yankho asanamve funso.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi pa thabwali padzagona ciani? Ngati ndi malaya, madiresi ndi mabuluku, ndipo nyumba iri ndi simenti yosalala, thabwa la m'sitolo ndi loyenera, ndiponso limapindidwa malo akacepa. Ngati ndi zigamba, makatani, nsalu za patebulo ndi zina zazikulu, pamafunika thabwa lalikulu, lolimba, losagwedezeka, ndipo mmisiri wa pamudzi angalipange ndi citseko cakale, bulangeti limodzi ndi bafuta. Funso laciwiri ndi la nsimbi: ya makala ndi yolemera ndipo imagwetsa moto, motero imafuna malo okhazikika kuposa ya magetsi. Lacitatu ndi la thupi la wosita, pakuti msana ukafa nchito yaima. Ndipo musanagule kapena kukhoma kanthu, yesani ndi tizidutswa tinai monga anacitira Ambuya.

Pobwerera ku Lusaka mpongozi uja ananyamula kacofunda kakang'ono ka zigamba, kosokedwa ndi tinsalu totsala pa zobvala za banja lonse. Pakhonde la ku Zemba matabwa awiri aja akali pamodzi. Madzulo Ambuya amacotsa phulusa m'nsimbi, napukuta bafuta wa pa citseko, nasiya kuti mphepo iumitse cinyezi ca tsikulo. M'mawa mwake mdzukulu amatenga thabwa losongoka kusita yunifomu yake, pamene iwo ayala mzere woyamba wa cofunda cina pa citseko ca malemu amuna ao.